Ana anzeru zapadera a kunyanja kuno: tinawasankha, nanga tinawaperekeza?



Chaka chilichonse mayina a osankhidwa kupita ku yunivesite akatuluka, m'masukulu mwathu muno mumakhala chisangalalo. Timawerenga kuti sukulu yakuti yatumiza angati, mwana wa yani anapeza mapointi angati, ahedi n'kuitanitsa fanta. Pakatha masabata awiri nkhaniyo imazilala, maso athu n'kubwerera kwa a Fomu 4 atsopano. Ndi ochepa mwa ife amene timafunsa, pakatha chaka, kuti mwana uja akupeza bwanji kumeneko. Lero ndikufuna tiyang'ane m'mbuyo zaka zoposa 130, tione mmene dziko lino lakhala likuchitira ndi ana anzeru zapadera, makamaka a kunyanja kuno. Chimene ndaona powerenga mbiriyi n'chakuti kusankha timakudziwa kuyambira kale. Pamene timafooka ndi pa kuperekeza. Kwathu kuno mlendo sitimusiya pakhomo, timamufikitsa pa mphambano. Koma mwana wopita ku sukulu ya ukachenjede timangomukweza minibasi n'kubwerera.

Nthawi ya sitima za mishoni

Tisaganize kuti kuwerenga kunabwera ndi azungu okha. M'nthawi ya a Jumbe, amene ankalamulira doko la Nkhotakota m'zaka za m'ma 1800, kunali kale anthu olemba m'zilembo za Chiarabu, ndipo ana ankaphunzira Korani kwa amwalimu. Koma njira yopita ku maphunziro amene lero timati apamwamba inatsegulidwa ndi a mishoni ya UMCA, amene anakhazikika pa chilumba cha Likoma mu 1885 n'kudzafika kuno mu 1894 ndi Bambo Arthur Sim. Bishopu Chauncy Maples, amene anamira m'nyanja mu 1895, manda ake ali ku tchalitchi cha All Saints pa mishoni pathu pano. Sitima yotchedwa dzina lake inayamba kuyenda mu 1901, ndipo m'kati mwake munali malo ophunzirira.

Kasankhidwe ka nthawi imeneyo kanali ka maso ndi maso. Mphunzitsi wa m'mudzi wa m'mbali mwa nyanja ankaona mnyamata wogwira zinthu msanga, n'kuuza wansembe sitima ikaima padoko. Mnyamatayo ankatengedwa kukapitiriza maphunziro ku Likoma, ndipo opambana kwambiri ankatumizidwa ku Kiungani, ku Zanzibar. Leonard Kamungu, mwana wa m'mbali mwa nyanja yathu yomweyi, anadutsa njira imeneyi. Anadzozedwa unsembe mu 1909, anakagwira ntchito ku Msoro m'dziko limene lero ndi Zambia, ndipo anamwalira komweko mu 1913. Koleji ya za ubusa ya mpingo wa Anglican ku Zomba inatchedwa dzina lake.

Njira imeneyi inali ndi ubwino umodzi waukulu: amene anamusankha mwana ndi amenenso ankamulondola. Ankadziwa dzina lake, kwawo ndi kumene wafika. Koma inali njira yopapatiza. Mwana wanzeru kaya akhale ndi mutu wa masamu kapena wa zopangapanga, mapeto ake anali uphunzitsi, unsembe, ukalaliki kapena ntchito yothandiza m'chipatala. Atsikana sankafika patali. Ndipo makolo ambiri achisilamu, amene kuno ndi ochuluka, sankatumiza ana awo ku sukulu za mishoni poopa kuti akasiya chipembedzo chawo. Tangoganizani kuchuluka kwa nzeru zimene zinathera m'bwato pa chifukwa chimenechi.

Oyenda mtunda

Nyasaland inakhala zaka zambiri yopanda sekondale. Blantyre Secondary School inatsegulidwa mu 1940, Zomba Catholic mu 1942, ndipo ya boma ya ku Dedza mu 1951. Yunivesite kunalibe. Aliyense wofuna digiri ankayenera kutuluka m'dziko.

Chitsanzo chapafupi ndi ife ndi Henry Masauko Chipembere, amene anabadwa mu 1930 ku Kayoyo, kumapiri a kumtunda kwathu kuno. Bambo wake, a Habil Chipembere, anali mphunzitsi wa UMCA amene pambuyo pake anakhala wansembe. Masauko anadutsa ku Blantyre Secondary School, kenaka ku Goromonzi ku Southern Rhodesia, n'kukamaliza ku Fort Hare ku South Africa. Mayiko atatu kuti munthu mmodzi apeze digiri imodzi. Mu 1956 anasankhidwa kulowa m'nyumba ya malamulo asanakwanitse zaka 26.

Ena analibe bambo wophunzira wowatsogolera. Legson Kayira wa kumpoto ananyamuka wapansi mu 1958 ndi cholinga chokafika ku America. Ali ku Kampala anapeza m'laibulale buku la mayina a makoleji, n'kulembera kalata koleji ya Skagit Valley. Anthu a kumeneko anamuyankha, anasonkha ndalama za ulendo, ndipo anakwera ndege ku Khartoum. Pambuyo pake anaphunzira ku University of Washington ndi ku Cambridge. Kamuzu Banda nayenso anayenda wapansi kupita ku Rhodesia, n'kukafika ku Joni, ndipo anawoloka nyanja ndi thandizo la mpingo wa AME. Anamaliza udokotala ku Meharry mu 1937.

Nkhani izi timakonda kuuza ana athu kuti alimbikire, ndipo n'zoyenera. Koma tikaziwerenga modekha timapeza kuti palibe anafika yekha. Pena pake pamakhala bambo, mpingo, kapena anthu achilendo amene anayankha kalata. Tsokonombwe anathadi mtunda n'kudumpha, koma anthu awa anali ndi wowagwira dzanja pamene mphamvu zinatha.

Yunivesite yathuyathu

Lamulo lokhazikitsa University of Malawi linadutsa mu 1964, ndipo maphunziro anayamba mu September 1965 ku Chichiri, ku Blantyre, ndi ophunzira 90 okha. Chancellor College inasamukira ku Zomba mu 1973. Chomvetsa chisoni n'chakuti Chipembere, amene anali nduna ya zamaphunziro mu 1964, anatula pansi udindo pa mkangano wa nduna wa chaka chomwecho, yunivesite isanatsegule zitseko. Anakamwalira ku Los Angeles mu 1975.

M'zaka zoyambirira, wosankhidwa ankasamalidwa bwino pa zofunika za thupi. Malo ogona analipo, chakudya chinalipo, kandalama ka m'thumba kanalipo, ndipo ntchito inkamudikira akamaliza. Mwana wa msodzi ndi mwana wa DC ankadya pa tebulo limodzi. Koma mwana wanzeru zapadera amafunanso china choposa nsima ndi bedi: amafuna kufunsa mafunso. Nthawi ya chipani chimodzi, funso linali chinthu choopsa. Jack Mapanje, mlakatuli amene anali mkulu wa dipatimenti ya Chingerezi ku Chancellor College, anamangidwa mu 1987 popanda kuzengedwa mlandu ndipo anatuluka ku Mikuyu mu 1991. Ophunzira amene anaona zimenezi anaphunzira kuti wanzeru ndi wotseka pakamwa. Ngakhale ufulu wa zipani zambiri utabwera, nkhaniyi inadzukanso mu 2011, pamene mkulu wa apolisi anaitanitsa mphunzitsi Blessings Chinsinga chifukwa cha chitsanzo chimene anapereka m'kalasi, ndipo maphunziro ku Zomba anaima kwa miyezi yambiri.

Mtunthama ndi kota

Amene mumayenda pa msewu wa M18 wopita ku Kasungu, mukadutsa m'nkhalango yathu ya nyama mumakafika cha ku Mtunthama. Kumeneko Kamuzu anatsegula Kamuzu Academy mu November 1981, pafupi ndi mtengo wa kachere umene ankati anaphunzirirapo ali mwana. Iyi ndiyo sukulu imene inamangidwira mwadala ana anzeru zapadera m'dziko muno. Inkatenga ana ochepa okhoza kwambiri m'boma lililonse, osayang'ana chuma cha makolo. Chilatini ndi Chigiriki zinali zokakamiza, aphunzitsi anali azungu, mayeso anali a ku Britain. Ana ena a m'midzi yosauka anafikira kumeneko n'kudzakhala madokotala, maloya ndi mainjiniya. Zimenezi tisazikane.

Koma ambiri ankadandaula kuti sukulu imodzi inkadya ndalama zochuluka pamene anzawo ankaphunzira pansi pa mitengo. Boma litasintha mu 1994, thandizo linaima ndipo sukuluyo inayamba kudalira makolo olipira. Mu ulamuliro wa Bingu wa Mutharika boma linayambanso kulipirira ana ochepa ochokera m'maboma. Phunziro lake kwa ine n'lakuti chisamaliro cha ana anzeru chikakhala pa mtima wa munthu mmodzi, chimagwedezeka munthuyo akachoka.

Nkhani ina imene inatidyera nthawi ndi ya kota. Kusankha ophunzira a ku yunivesite potengera boma lochokera kunayamba kumapeto kwa zaka za m'ma 1980. Khoti lalikulu linakana njirayi mu 1993. Inabwereranso cha mu 2009 ndi dzina lofewa, boma lililonse n'kupatsidwa malo 10 otsimikizika, ndipo inathetsedwa mu 2020. Ena kunyanja kuno ankaikonda, poona kuti inkatsegulira khomo ana a m'maboma okhala ndi sukulu zosowa zipangizo. Anzathu a kumpoto ankaiona ngati chilango kwa mwana wolimbikira. Mbali zonse zinali ndi mfundo. Koma taonani kuti kwa zaka zoposa 30 tinakangana za amene alowe pakhomo, ndipo sitinakanganepo ndi mphamvu yomweyo za chimene chimachitikira mwanayo akalowa.

Khomo lakula, operekeza achepa

Mu 1994 boma la Bakili Muluzi linachotsa fizi ku pulayimale. Ine ndinali m'makalasi omaliza a pulayimale chaka chimenecho, ndipo ndimakumbukira mmene ana anadzazira mpaka pansi pa mitengo ya mango. Chiwerengero cha ophunzira chinachoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pa pafupifupi 3 miliyoni. Mu 1998 ma DEC anasandutsidwa ma CDSS, ndipo lero ana ambiri a sekondale amaphunzira m'sukulu zimenezi, zambiri zopanda labu ndi laibulale yokwanira. Mwana wanzeru zapadera tsopano amabisika pakati pa anzake ochuluka m'kalasi imodzi, ndipo mphunzitsi amathamanga ndi silabasi.

Nkhani ya William Kamkwamba imafotokoza bwino nthawi imeneyi. Kwawo ndi ku Wimbe, pafupi kwambiri ndi Kamuzu Academy. Anasiya sekondale chifukwa cha fizi pa njala ya 2001 ndi 2002. Anabwereka mabuku m'kalaibulale kakang'ono ka pa sukulu ya pulayimale, n'kupanga makina opukusidwa ndi mphepo otulutsa magetsi, pogwiritsa ntchito zitsulo zotayidwa ndi njinga ya bambo wake. Makinawo anazungulira zaka zinayi dziko lisakudziwa, mpaka mu 2006 pamene Dr Hartford Mchazime anafika kudzawaona, n'kuitana atolankhani ndi kuthandiza kuti mnyamatayo abwerere ku sukulu. Mu 2007 anakalankhula ku msonkhano wa TED ku Arusha, anaphunzira ku African Leadership Academy ku Johannesburg, ndipo anamaliza digiri ku Dartmouth mu 2014. Sukulu yomangidwira ana ngati iye inali pafupi ndi mudzi wake, koma anamupeza ndi munthu mmodzi amene anaima n'kufunsa kuti wapanga ichi ndani.

Lero mayunivesite a boma achuluka. Mzuzu University inayamba kuphunzitsa mu 1999, Bunda inasanduka LUANAR, MUST inatsegulidwa ku Thyolo mu 2014, ndipo mu 2021 University of Malawi inagawidwa patatu, n'kubadwa MUBAS ndi KUHeS. Mu 2015 panakhazikitsidwa bungwe lopereka ngongole kwa ophunzira osowa. Malo alipo ambiri kuposa 90 aja a ku Chichiri. Koma chisamaliro cha kale chija chinatha. Ophunzira ambiri amachita lendi kunja, monga ku Chikanda ku Zomba, amadziphikira okha, ndipo ngongole sikwanira onse opempha.

Kumumvetsa mwanayo

Tsono mwana wanzeru zapadera ndi wotani? Mayeso a MSCE amawerengera maphunziro 6 amene mwana wakhoza bwino, ndipo wa mapointi ochepa ndiye timamutcha dolo. Ambiri a iwo ndi anzerudi. Koma alipo ena amene sikelo imeneyi siwagwira. Wina amamaliza masamu anzake asanalembe deti, kenaka n'kuyamba kusokosa chifukwa chotopa ndi kudikira, ife n'kumati ndi wamwano. Wina amadziwa fizikisi kuposa buku koma Chingerezi chimamugwetsa, ndipo popanda kirediti ya Chingerezi khomo la yunivesite ndi lotseka. Wina ali kunyanja usiku, ndi siginala, amawerenga mphepo, mwezi ndi kayendedwe ka usipa molondola moti eni chilimira amamulimbirana. Mutu wotere ukanatha kukhala pa sayansi ya nsomba ku Bunda.

Vutoli si lathu lokha. Srinivasa Ramanujan wa ku India anataya thandizo la maphunziro ku koleji chifukwa ankangochita masamu n'kulephera maphunziro ena. Anakhala kalaliki pa doko la Madras mpaka mu 1913 pamene analembera kalata G. H. Hardy wa ku Cambridge. Hardy anawerenga kalatayo mofatsa, n'kumuitanitsa mu 1914. Ntchito imene anagwira kumeneko akatswiri a masamu akuigwiritsabe ntchito. Koma kuzizira, chakudya chachilendo ndi kusungulumwa zinamufooketsa, ndipo anamwalira mu 1920 ali ndi zaka 32. Ngakhale amene anapezedwa ndi katswiri ankafunikabe womufunsa ngati wadya.

Mwa ana anga amene anafika ku yunivesite, mavuto amene ndamva kawirikawiri ndi awa. Loyamba, mwana amene anali nambala wani kuyambira Sitandade 1 sanaphunzirepo kuwerenga mwakhama, chifukwa zinthu zinkangolowa zokha. Akakalephera mayeso oyamba amaganiza kuti nzeru zatha, amachita manyazi kufunsa, mpaka amagwa m'masapu kapena kuwidedwa kumene. Lachiwiri, wochokera ku CDSS amakakhala pambali pa anzake a m'sukulu zolipira, olankhula Chingerezi cha m'mphuno ndi odziwa kompyuta kuyambira ali aang'ono, ndipo amangoti zii m'kalasi ngakhale yankho akulidziwa. Lachitatu, ena amapatsidwa kosi imene sanaifune, mtima n'kukhala kwina zaka zinayi. Lachinayi, kumudzi amamuona ngati wayamba kale ntchito. Kandalama ka ngongole kakangolowa, foni imalira: feteleza, ukonde wang'ambika, mng'ono wako wathamangitsidwa fizi. Kwa atsikana pamawonjezekera amuna andalama amene amadikira tsiku limene ufa watha m'chitini. Palibe vuto ngakhale limodzi pa amenewa limene limaoneka pa mndandanda wa osankhidwa.

Chimene chili m'manja mwathu

Malamulo a boma sitingawasinthe tili mu staffroom. Koma mbiri taonayi ikusonyeza kuti nthawi zambiri amene anasintha moyo wa mwana anali munthu mmodzi wokhala pafupi, ndipo ife tili pafupi.

Aphunzitsi anzanga, tiyeni tiyambe kuwazindikira ali ku Fomu 1. Womaliza msanga timupatse funso lovuta kuposa la m'buku, m'malo momutuma kukafufuta bolodi. Timulole alephere ali m'manja mwathu, kuti adziwe kuti kulephera funso si imfa. Wolimba pa phunziro limodzi n'kufooka pa Chingerezi timupezere nthawi yapadera Fomu 3 isanathe. Ikafika nthawi yolemba mafomu a NCHE, tikhale naye pansi, timufotokozere kuti kosi iliyonse imafuna chiyani ndipo imathera kuti, chifukwa ambiri amasankha dzina limene anangolimva pa wailesi. Mafomu a ngongole timuthandize kulemba nthawi isanathe. Tikacheze ndi makolo, tiwauze mosabisa kuti ndalama ya ngongole ndi ya chakudya ndi mabuku a mwanayo, ndipo adzaibweza yekha. Akapita, timuimbire foni mwezi wachiwiri, komanso zotsatira za semesita yoyamba zikatuluka. Pamenepo ndi pamene ambiri amagwa mwakachetechete.

Inu ophunzira anga akale, mbali yanu ndi yaikulu kuposa yathu, chifukwa njirayo mwaiponda posachedwa. Mukudziwa kumene lendi ili yotsika, mphunzitsi wofikirika ndi uti, mabuku akale amapezeka kwa yani. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Simukuyenera kukhala olemera kuti muthandize. Kumulandira pa depoti, kumuonetsa laibulale, kumubwereka laputopu yakale, kumuitana kudzadya nsima ya kondowole Lamlungu limodzi pamwezi, zimenezi zasungapo ana pa sukulu. Amene ndinu aphunzitsi m'makoleji, mukaona mwana wofunsa mafunso opitirira silabasi, musamuone ngati wodzikweza. Mpatseni buku lina, mutengeni pa kafukufuku wanu, muuzeni za mwayi wa maphunziro a digiri yachiwiri akadali m'chaka chachitatu.

Pempho langa ndi ili. Amene mukukhala ku Zomba, Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Thyolo, ndipo muli okonzeka kuyang'anira mwana mmodzi wa kwathu kuno chaka chake choyamba, ndidziwitseni kapena muuze mphunzitsi wanu wakale aliyense. Mayina akadzatuluka, tidzapereka mwana aliyense kwa munthu wodziwika asanakwere minibasi. Aphunzitsi a m'sukulu zina za m'boma lino, kuyambira ku Dwambazi mpaka ku Benga, mutha kuchita chimodzimodzi ndi ana anu akale.